Dikishonale isamakudulitseni nkhani

Alembi, mwalangiza kuti tikamawerenga mabuku a nthano a Chingerezi tiziyang'ana mu dikishonale liwu lililonse lachilendo. Pamenepa sindikugwirizana nanu. Ineyo ndinayesapo, koma tsamba limodzi linkanditengera theka la ola, ndipo pofika mutu wachiwiri ndinali nditaiwala kale chiyambi cha nkhani. Bukulo linangokhala pansi pa pilo miyezi itatu.

Zinthu zinasintha nditayamba kudula kamzere ndi pensulo kunsi kwa liwu n'kumapitiriza kuwerenga. Liwulo likabweranso kachitatu m'pamene ndinkatsegula dikishonale. Mawu ambiri ndinkangowamva potsatira zomwe zikuchitika m'nkhanimo.

Chinanso chomwe simunatchule n'chakuti buku limaphunzitsa mawu koma osati katchulidwe. Chingerezi kalembedwe ndi katchulidwe zimasiyana kwambiri. Kwa zaka ndithu ndinkatchula "b" wa m'liwu loti "doubt" mpaka mnzanga anandiuza kuti satchulidwa. Mukapeza buku lomwelo lojambulidwa mawu, muzimvetsera uku mukulondola ndi chala.

Anzanga amene mukungoyamba kumene, musachite manyazi ndi mabuku a ana kapena ofewetsedwa aja. Ine ndinayambira pomwepo.