Kapu ya distributor siifa yokha, pali chomwe chikuipha

Eni galimoto zakale za petulo kuno kuchigwa cha Shire, makamaka inu a mapikapu ndi timalole tonyamula thonje ndi mbuzi pakati pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula, ndiloleni ndilankhule zomwe zikundiwawa. Tikutaya ndalama pogula kapu ya distributor (chivindikiro chogawa moto ku mapulagi) ndi rota (kachida kozungulira m'kati mwake) mobwerezabwereza, kenako n'kumati ndi kutentha kwa kuno, kapena zitsulo za masiku ano n'zafeki. Sindikukana, dzuwa la mu Okutobala limaumitsa pulasitiki mpaka kung'aluka. Koma kawirikawiri matenda amakhala ali pena, kapu imangofera za eni.

Pa Hilux yanga ya injini ya 4Y ndinasintha makapu atatu chaka chimodzi. Yachitatu inanditaya pa chitunda cha ku Thabwa ndikukwera ku Blantyre, injini ikumisa, katundu ali pamsana. Makaniko wina wachikulire sanathamangire kundigulitsa ina. Anaitembenuza n'kundiuza kuti, "Achimwene, taonani apa." M'kati munali tifumbi tonyezimira ta chitsulo, ndipo timano tolandira moto ta mbali imodzi yokha tinali titapalika. Atachotsa rota anagwira shafiti n'kuigwedeza, iyo n'kumasewera ngati dzino lofuna kuguluka. Bushi yogwira shafitiyo inali itadyeka, choncho rota inkazungulira mopendama n'kumakanda timanoto. Kapu yatsopano iliyonse ndinkangoipereka kukaphedwa.

Ndipo zambiri zimayambira ku mapulagi, komwe timaumirako kwambiri. Koilo imatenga mavoti 12 a batire n'kuwakweza kufika masauzande ambirimbiri. Pulagi ikatha, mpata wake umakula, ndiye moto umafunika mphamvu yochuluka kuti ulumphe. N'chimodzimodzi zingwe za mapulagi zikaola m'kati. Motowo ukasowa podutsa umafuna chidule, ndipo chidulecho umachipeza m'kapu momwemo. Mukaona kamzere kakuda, kowonda ngati kojambula ndi pensulo, kochoka pa dzino lina kupita pa lina kapena kutsikira m'mphepete, dziwani kuti moto wadzilambulira njira. Kupukuta sikuthandiza, pulasitikiyo yapsa. Mukaika kapu ina pa mapulagi omwewo, nayonso ipsa.

Chomwe ndikufuna tisiyiretu ndi jumbo ija. Nthawi ya mvula, makamaka pomwe namondwe wa Freddy anadula misewu mu 2023, ambirife tinaphunzira kumanga distributor ndi jumbo powoloka madzi. Powolokapo n'zomveka. Vuto n'lakuti timaisiya pomwepo dzinja lonse, ena mpaka kumata tizibowo ta kapu ndi silikoni poganiza kuti akuteteza ku fumbi. Tizibowoto n'topumira. Moto ukamathetheka m'kati umapanga mpweya woluma womwe uyenera kutuluka, ndipo ukatsekeredwa pamodzi ndi chinyezi umasanduka asidi wodya timano. Zoyera kapena zobiriwira zomwe mumapala ndi mpeni zija zimachokera pamenepo. Mukawoloka, masulani. Kuthira madzi ozizira pa injini yotentha potsuka nakonso kumasiya thukuta m'kapu, m'mawa galimoto n'kukana kulira.

Mukapeza oilo m'kati mwa kapu, sili yotchinga oilo pa shafiti yatha, ndipo oiloyo akasakanikirana ndi fumbi la kuno amakhala njira ina ya moto.

Pogula, ine ndimasankha kapu ya timano ta brass, tachikasu tija, osati ta aluminiyamu, ngakhale mtengo ukwere. Ndimadinanso kakhala (kaboni) ka pakati pa kapu kaja kuona ngati sipuling'i yake ikubwerera. Ndipo amakaniko athu, ndikukupemphani ndi ulemu, musamataye kapu yakale musanaitembenuze n'kumuonetsa mwini galimoto. Pa Hilux yanga ija tinasintha bushi, mapulagi anayi ndi zingwe tsiku limodzi, ndipo kapu yomwe tinaika tsiku limenelo ndi yomwe ndikuyendera mpaka lero.