Madzi a ku Karoo simunawatchule

A Mtolankhani, mwalemba kuti gasi wa pansi pa dera louma la Karoo angathetse kuzimazima kwa magetsi ku South Africa, koma za madzi simunanenepo kanthu. Njira ya fracking imafuna kupopera madzi ochuluka zedi, osakaniza ndi mchenga ndiponso mankhwala, m'thanthwe lakuya kuti ling'aluke n'kutulutsa gasiyo. Kodi madziwo achokera kuti kudera limene alimi a nkhosa amadalira zitsime? Ndinagwirapo ntchito pafamu ina kufupi ndi tauni ya Beaufort West ku Karoo komweko, ndipo mu 2017 ndinaona ndi maso anga damu la Gamka litauma gwa. Boma silinaimitse zilolezo mu 2011 popanda chifukwa, kampani ya mafuta ya Shell itapempha malo ofufuzapo gasi, ngakhale kuti chiletsocho chinachotsedwa mu 2012.

Kwa owerenga anzanga amene mukuti magetsi a dzuwa sangalowe m'malo mwa gasi chifukwa dzuwa siliwala usiku, dziwani kuti ku Northern Cape kuli malo ngati Bokpoort amene amasunga kutentha kwa dzuwa mu mchere wosungunuka, n'kumapangabe magetsi kwa maola angapo kutada. Musaiwalenso kuti mpweya wa methane wotuluka m'zitsime za gasi umatenthetsa dziko kwambiri kuposa mpweya wa carbon dioxide.