Ovaova ya bwana

(Pa esiteti ina. Bwana amalankhula ndi alonda pa ovaova, wailesi yolankhulirana, ali mu ofesi, wailesi yaikulu ili pamwamba pa phiri, pakati pake pali waya wautali. Mmisiri wafika ndi zida zake.)

BWANA: Achimwene, chinthuchi n'chakutha. Ndikalamula, alonda akuti akungomva phokoso.

MMISIRI: Talankhulani ndione.

BWANA: (milomo ili pa maiki) GETI! GETI! MUKUNDIMVA? OVA!

MMISIRI: Bwana, maikiyo si chakudya. Italikitseni zala zitatu, mulankhule ngati muli pamaso pa apongozi.

BWANA: Koma geti lili kutali.

MMISIRI: N'chifukwa chake munagula wailesi. Tchanelo chanu n'chopapatiza, 12.5 kHz basi. Mukakuwa, makina amadula nsonga za mawu kuti musalowerere tchanelo cha eni. Kugetiko kumafika zotsalira.

BWANA: Ndalama zonse zija, makina azidula ine mawu?

MMISIRI: Dikirani. Nditumiza kaye kaliwu ka 1000 Hz, kenako kosongoka ka 3000 Hz, ndipime kuti kalikonse kachoka bwanji kuno ndipo kafika bwanji kuphiri.

(Piiiiiiiii...)

MLONDA: Ofesi, ofesi! Khutu langa likulira. Alipo akundinena. Ova.

MMISIRI: Ndine, madala.

MLONDA: Mukundinena zotani, mwana wa dzulodzulo? Ova.

MMISIRI: Ndikupima chabe. Mwaona bwana? Ka 1000 kafika bwino, koma ka 3000 kafika kali wefuwefu. Waya akatalika amadya mawu osongoka, ma "s" ndi ma "ch" aja. Ndikweza kumtundako kuti zifanane.

BWANA: Poti mwagwira kale, onjezeraninso bezi. Ndizimveka ngati mwini malo.

MMISIRI: Uwu si ukwati, bwana. Ovaova imanyamula kuyambira 300 mpaka 3000 Hz. Bezi wanuyo amatsala muno mu ofesi.

BWANA: Ndiye kugeti ndimamveka bwanji?

MLONDA: Ngati mwana wa sitandade 2, bwana. Koma waulemu wake. Ova.

BWANA: Anakufunsani ndani?

MMISIRI: Chala chanu chili pa batani, bwana. Eya, ndamaliza. Dinani, muyambe mwapuma kaye, kenako lankhulani. Mukafulumira liwu loyamba limaduka.

BWANA: (modekha) Geti. Tengani tochi muzungulire mpanda wonse, kawiri. Ova.

(Zii.)

BWANA: Geti, mwamva?

MLONDA: Ndamva, bwana. Zonse. Mpaka "kawiri" yemwe. Ova.

BWANA: Nanga masiku onsewa ndikanena zimenezi mumamva chiyani?

MLONDA: Timamva kuti "tengani tiyi mukhale pansi." Ova.

BWANA: Chaka chonse?

MLONDA: Ifenso timadabwa kuti bwana ameneyu ndi wamtima bwanji. Tinkakupemphererani. Ova.

(Zii. Kenako monong'ona.)

MLONDA: Amisiri, tabwerani pambali pang'ono. Bwezerani mmene zinalili. Ndili ndi tambala kunyumba, wonenepa. Ova.

MMISIRI: Madala, pa ovaova palibe pambali.

BWANA: Ndikumvatu ine!

MLONDA: Khhhh... khhhh... bwana mukuduka... khhhh...

MMISIRI: Madala, "khhhh" ameneyo mukupanga ndi pakamwa. Singano yanga ikuonetsa.

MLONDA: Ndiye wamveka bwino? Ova.

MMISIRI: Bwino kwambiri.

MLONDA: Ha! Mwana iwe waononga wailesi. Ova.