Kuno ku Chigwa cha Shire timathamanga dzuwa lisanatuluke

Ena analemba kuti nyimbo zimachotsa ulesi pothamanga mtunda wautali, ndipo ndi zoona, koma zotseka makutu ndi mahedifoni ine ndakana. Pamsewu wa M1 kuno ku Nchalo pamadutsa mathirakitala a nzimbe ndi akabaza, ena opanda nyali, ndiye khutu liyenera kumva.

Ine ndimadzuka 4 koloko m'mawa, chifukwa mu Okutobala dzuwa likangotuluka mpweya umakhala ngati wa m'ng'anjo. Chimene chimandilimbitsa mtima ndi mnzanga amene ndimathamanga naye. Miyendo ikayamba kulemera timayimba nyimbo za kwaya chapansipansi, mapazi n'kumatsatira okha. Timapangana kuti tikafike pa mlambe uwo, tikafika timasankhanso wina patsogolo. Madzi musaiwale abale, ine m'botolo langa ndimathiramo kamchere ndi shuga pang'ono.