Nissan sinagwe tsiku lomwe Ghosn anamangidwa

Maganizo anga pa nkhani ya Nissan ndi awa, ndipo amene zimuwawe andikhululukire. Kampaniyi sinayambe kugwa pa 19 Novembala 2018, tsiku lomwe bwana wake Carlos Ghosn anamangidwa atangotera pabwalo la ndege la Haneda ku Tokyo. Inali itayamba kale kutsetsereka, pomwe inazolowera kuchiza nthenda iliyonse ndi mankhwala amodzi, odula ndalama, n'kumawerenga galimoto zotuluka m'fakitale koma osawerenga anthu obweranso kudzagula yachiwiri. Umboni wake sufuna kukwera ndege. Uli m'magalaja mwathu momwemu, pansi pa Note kapena X-Trail yokhazikidwa pazitsa, giyabokosi itatsitsidwa.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti Nissan ndi Datsun ndi munthu mmodzi. Galimoto yoyamba ya mtunduwu, ya 1914, inkatchedwa DAT, kuchokera ku zilembo zoyamba za maina a anthu atatu omwe anaikapo ndalama: Den, Aoyama ndi Takeuchi. Itabadwa yaing'ono mu 1931 anaitcha Datson, mwana wa DAT, koma chaka chotsatira anasintha kukhala Datsun chifukwa liwu loti "son" m'Chijapanizi limamveka ngati kuluza. Kampani yeniyeniyo anaikhazikitsa Yoshisuke Aikawa ku Yokohama mu Disembala 1933, ndipo dzina loti Nissan linabwera mu 1934. Nkhondo itatha sanachite manyazi kukaphunzira kwa ena. Mu 1952 anagwirizana ndi Austin ya ku Britain kuti azimanga galimoto zake ku Japan, ndipo mu 1966 anameza kampani ya Prince, yomwe inabwera ndi Skyline.

Chomwe chinapangitsa dzina la Datsun kulemera sichinali kukongola ayi. Tengani kapikapu ka 1400 komwe kankamangidwa ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria. Kanayamba ngati 1200 mu 1971, n'kupitirira mpaka 2008, zaka 37 thupi lake lisanasinthe kwenikweni. Injini yake, A14, inali ya kabureta, yoyendera tcheni osati lamba, ndipo mphamvu inkapita kumateyala akumbuyo. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, ali ndi masipanala ochepa ndi sikuludiraiva, ankaimasula m'mawa n'kuimanga madzulo. Chimodzimodzi injini za dizilo za TD27 ndi QD32 zomwe zinanyamula Hardbody ndi Caravan, ndiponso TD42 ya mu Patrol, yomwe mpaka lero anthu amailimbirana ngati nyama ya pamaliro. Zinali zaulesi pothamanga, zaphokoso, zofuka utsi pokwera chitunda, koma munthu ukanyamuka unkadziwa kuti ukafika.

Ndiye mu 1981 akuluakulu a kampaniyi anaganiza zofafaniza dzina la Datsun padziko lonse kuti paliponse pazilembedwa Nissan. Ntchitoyi inatenga zaka zingapo ndi ndalama zankhaninkhani, kusintha zikwangwani ndi kuphunzitsa anthu dzina lomwe sankalidziwa. Kwa ine apa ndiye panaonekera khalidwe lawo koyamba. Dzina lomwe ogula ankalikhulupirira analitaya chifukwa cha dzina lomwe mabwana ankalikonda.

Pofika m'ma 1990 zinthu zinali zitathina. Mitundu ya galimoto inachuluka, yobweretsa phindu inali yowerengeka, ndipo ngongole inafika cha m'ma 2 thiriliyoni yen. Mu Malichi 1999 Renault ya ku France inagula magawo 36.8 pa 100 alionse a Nissan n'kutumiza Ghosn. Apa tisamunamizire munthu, ntchito anaigwira. Mu Okutobala chaka chomwecho analengeza zotseka mafakitale asanu, kuchotsa ntchito anthu 21,000, kuchepetsa makampani ogulitsa zipangizo kuchoka pa 1,145 kufika pa 600, ndi kutsitsa mtengo wogulira zipangizozo ndi 20 peresenti m'zaka zitatu. Kampani yomwe inaluza 684 biliyoni yen m'chaka chimodzi inapanga phindu la 331 biliyoni chaka chotsatira. Wodwala anadzuka. Vuto n'lakuti dokotala sanasiye kupereka mankhwala omwewo wodwala atachira.

Mu 2011 anabwera ndi pulani ya Power 88, yoti pofika 2016 galimoto 8 pa 100 zilizonse zogulidwa padziko zikhale za Nissan, phindu nalo likhale 8 peresenti. Kuti nambala zikwane, ku America anayamba kutsitsa mitengo mopanda chisoni ndi kugulitsa galimoto zambirimbiri ku makampani obwereketsa. Galimoto zoterozo zikatha chaka kapena ziwiri zimakhuthukira pamsika wa zogwiritsidwa kale ntchito nthawi imodzi, mtengo n'kugwa, ndipo yemwe anagula yake yatsopano ndi ndalama zonse amadziona ngati wapusitsidwa. Anaukitsanso dzina la Datsun mu 2013, koma analimata pa tigalimoto totchipa. Datsun Go itayesedwa pa ngozi ndi bungwe la Global NCAP mu 2014 sinapeze nyenyezi ngakhale imodzi, ndipo dzinalo linaikidwanso m'manda mu 2022. Mu 2016 anagula 34 peresenti ya Mitsubishi Motors. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsopano tifike pa giyabokosi, chifukwa ndi pomwe ife timakumana ndi mbiri yonseyi maso ndi maso.

Nissan inaika mtima wake wonse pa giyabokosi ya mtundu wa CVT yopangidwa ndi Jatco, kampani yomwe mwini wake wamkulu ndi Nissan yomweyo. CVT ilibe magiya a mano osinthana ngati automatic yakale. Ili ndi ma pulley awiri, lililonse lopangidwa ndi mbale ziwiri zosongoka zoyang'anizana, ndipo pakati pake pamadutsa lamba wa tizitsulo mazanamazana tomangidwa pamodzi. Mbalezo zikafinyana lamba amakwera m'mwamba, zikatalikirana amatsika, ndipo ndi momwe liwiro limasinthira popanda kugwedeza. Nzeru yake ndi yabwino ndipo mafuta imapulumutsadi. Koma taonani pomwe pali moyo wake: chitsulo chikugwira chitsulo chinzake, ndipo chomwe chikuletsa kuterereka ndi mphamvu ya oyilo yofinya mbalezo basi. Mphamvuyo ikangotsika pang'ono, lamba amaterereka n'kukanda mbale. Tizidutswa tachitsulo timalowa mu oyilo, n'kukadya kavalavu ka mu pampu komwe kamasunga mphamvuyo, mphamvu n'kutsikiratsikira, lamba n'kumaterereka kwambiri. Nthendayi imadzidyetsa yokha.

Mdani wake wamkulu ndi kutentha. Oyilo wa CVT amaziziritsidwa ndi kachipangizo kakang'ono kodalira madzi a injini, komwe kamakwanira galimoto ya anthu awiri m'misewu ya ku Yokohama. Tsono itengeni Note yomweyo, muikemo anthu asanu ndi matumba awiri a chimanga, muikweze ku Thabwa kuchokera ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, kapena ku Chiweta, kapena msewu wa Golomoti. Imayamba kulira ngati mluzu, injini ikukwera koma liwiro osaoneka, kenako kompyuta imadula mphamvu kuti iteteze giyabokosi. Mukaima mphindi makumi awiri imayendanso bwinobwino, mwini wake n'kumati inangotopa. Sinatope, yakuchenjezani.

Si ife tokha tinaona zimenezi. Ku America madandaulo atachuluka, Nissan inawonjezera chitsimikizo cha CVT za galimoto za 2003 mpaka 2010 kufika zaka 10 kapena mamailosi 120,000. Kampani siichita zotero pa chinthu chomwe chilibe vuto. Ndipo CVT yaing'ono yotchedwa JF015E, yomwe ili mu Note E12, March K13, Juke ndi Latio, inawonjezerapo kagiyabokosi kena ka magiya awiri mkati mwake, ndiye malo ofera anachuluka. Zizindikiro zake amakaniko amazidziwa: kunjenjemera ponyamuka, kuchedwa kugwira mukaika pa D kapena R, kugunda pang'ono ikamasintha pakati pa giya yotsika ndi yokwera.

Koma chilungamo chikhalepo, abale anga. CVT zambiri kuno sizifa zokha, timazipha ndife. Wina amathira oyilo wa automatic yakale, ATF wofiira wa Dexron, chifukwa ndi amene anali pashelefu komanso wotchipa. Oyilo ameneyo anapangidwira ntchito ina, lamba sagwira naye bwino, ndipo giyabokosi siichedwa kutsanzika. Nissan imafuna oyilo wake wa CVT, wotchedwa NS-2 pa zakale monga Note E11, Tiida ndi X-Trail T31, ndipo NS-3 pa zambiri zatsopano. Musanagule, onani zomwe zalembedwa m'buku la galimotoyo kapena funsani ndi nambala ya chasisi. Wina amakhulupirira zoti oyiloyu sasinthidwa moyo wonse wa galimoto. Ndi kutentha ndi fumbi lathuli, sinthani pa makilomita 40,000 alionse, ndipo galimoto ikangofika kuchokera ku Dar es Salaam kapena ku Durban sinthani pompo, chifukwa simudziwa kuti mwini wake woyamba ankaisamala bwanji.

Kasinthidwe kakenso kali ndi mwambo. Giyabokosi yaing'ono ija ya JF015E imanyamula malita pafupifupi 7, koma mukamasula bawuti yapansi amatuluka atatu kapena anayi okha, otsalawo amakhala mkati. Yezani omwe atulukawo, mubwezere ofanana. Ngati oyilo watuluka wakuda ndi wonunkha chopserera, yendani masiku angapo mubwerezenso, osamupopa ndi mashini mwamphamvu. Tsitsani beseni lapansi, mupukute maginito ake. Phala lotuwa losalala ndi labwinobwino, koma mukapeza tizitsulo tonyezimira tolasa chala, dziwani kuti lamba wayamba kale kudya mbale ndipo oyilo watsopano sangaukitse wakufa. Mafyuluta alipo awiri, sefa ya m'beseni ndi ina ya pepala yomwe ili pafupi ndi choziziritsira, ndipo yachiwiriyi ndi yomwe ambiri amaiiwala. Pa zomwe zilibe kamtengo koyezera, mulingo umaonedwa injini ikulira, galimoto ili pamalo athyathyathya, oyilo atafunda pakati pa madigiri 35 ndi 45. Mukamaliza, wa kompyuta afufute nambala yowerengera kukalamba kwa oyilo. Ikafera panjira musaikoke ndi chingwe mateyala akutsogolo ali pansi, chifukwa pampu imayenda ndi injini, ndiye injini ikazima mkatimo mukuzungulira mouma. Ndipo amene mumayenda m'mapiri tsiku ndi tsiku, kuikirapo karadiyeta kena ka oyilo kutsogolo n'kotchipa kuposa giyabokosi ina.

Wina anena kuti Toyota nayo ili ndi CVT mu Vitz, Sienta ndi Axio, Honda nayo mu Fit. Zoona, ndipo nazo zimafa zikathiridwa oyilo wolakwika. Kusiyana kwake n'kwakuti Nissan inathamangira kuiika paliponse, ngakhale kuseri kwa injini ya malita 3.5 ya Murano, ndipo mavuto ataoneka inachedwa kuwathetsa. Msika suiwala. Ikani Tiida ndi Axio za chaka chimodzi pamalo ogulitsira galimoto ku Lilongwe kapena ku Limbe, muone yomwe ichoke msanga ndi mtengo womwe ichokere. Ngakhale pa dizilo, injini ya ZD30 yomwe inalowa m'malo mwa injini zakale zija inatchuka ndi kung'amba mapisitoni m'zaka zake zoyamba. Chodabwitsa china, Vanette yomwe yasenza anthu ambiri m'matauni mwathu, ija yofanana ndi Bongo, si ya Nissan kwenikweni. Kuyambira 1994 inkapangidwa ndi Mazda, Nissan n'kungomatapo chizindikiro.

Za Ghosn kuthawa ku Japan mu Disembala 2019 atabisala m'bokosi la zida zoimbira, mpaka kukafika ku Lebanon, zimakoma kukamba, koma sizifotokoza chifukwa chomwe kampani inagulitsa galimoto 5.77 miliyoni m'chaka cha 2017 n'kutsikira pa 3.3 miliyoni mu 2024. Kampani yomwe inatsogola ndi Leaf, galimoto yamagetsi, mu 2010, inapezeka ilibe hybrid, galimoto yoyendera mafuta ndi magetsi pamodzi, yogulitsa ku America nthawi yomwe ogula ankaifuna kwambiri. Ku China, komwe inkagulitsa zoposa 1.5 miliyoni mu 2018, inalephera kufika 700,000 mu 2024, makampani a komweko monga BYD atalanda msika. Ku South Africa, Hardbody inapeza ziro pa mayeso a ngozi mu 2018, ndipo NP200, mlowam'malo wa 1400 uja, inasiya kupangidwa mu Malichi 2024 popanda ina yoilowa m'malo. Zonsezi ndi zipatso za zaka zomwe ndalama zopangira galimoto zatsopano zinkaonedwa ngati zowonongeka.

Mu Disembala 2024 anayamba kukambirana ndi Honda zophatikizana. Pofika Febuluwale 2025 ukwati unatha usanamangidwe, Honda itanena kuti ikufuna Nissan ikhale pansi pake. Mkulu wa kampaniyi Makoto Uchida anachoka pampando, Ivan Espinosa wa ku Mexico analowa mu Epulo, ndipo mwezi wotsatira analengeza kuti kampani yaluza 670.9 biliyoni yen. Mankhwala ake? Kuchotsa ntchito anthu 20,000 ndi kuchepetsa mafakitale kuchoka pa 17 kufika pa 10. Yerekezani ndi nambala za 1999 zija, muona kuti ndi pepala lomwelo la kuchipatala. Sindikunena kuti asadule, pomwe afikapa sangachitire mwina. Koma kudula kumaimitsa magazi okha, ndipo ine ndidzakhulupirira kuti achira tsiku lomwe makaniko adzauze kasitomala kuti gulani Nissan osawonjezera mawu oti "bola ikhale ya manual".

Pa mafakitale oti atsekedwewo pali Oppama, kumwera kwa Yokohama, yomwe inatsegulidwa mu 1961. Leaf yoyamba inatulukira kumeneko, ndipo Note zambiri zomwe zimalowa pa Songwe zinamangidwa komweko. Ikuyembekezeka kusiya kupanga galimoto pofika Malichi 2028, ntchito yake n'kusamukira ku Kyushu.