Kope la mwana si lojambula n'kuponya pa Facebook

Ndinagwira choko zaka 31, ndipo ndinapuma ntchito mafoni ojambula asanadzaze m'matumba mwa aphunzitsi. Ngati ndiyankhula mokalipa mundipirire, wakutsina khutu ndi mnansi.

Sabata zingapo zapitazo mdzukulu wanga anandionetsa chithunzi chimene chakhala chikuzungulira pa WhatsApp. Ndi tsamba la kope la mnzake wa Sitandade 7 pa sukulu ina muno mu Blantyre. Mutu wa chimangirizo unali wakale uja, "Tsiku limene sindidzaiwala". Mtsikanayo analemba za usiku umene bambo ake anabwera atakhuta kachasu, n'kukhuthulira ndiwo pansi, mayi ake n'kuthawira kwa aneba khanda lili kumbuyo. Mphunzitsi anazunguliza ndi bolopeni yofiira mawu onse olembedwa molakwika, n'kupereka 6 pa 20, kenako anajambula n'kutumiza pa gulu la anzake kuti aseke Chichewa chokhotacho. Dzina la mwana lili pamwamba penipeni, kalasi ili pomwepo. Pofika madzulo chinali pa Facebook, anthu akuikapo tinkhope toseka tija. Kodi mumayesa bambo ajawo alibe foni? Mwanayo anagona bwanji tsiku limene chithunzicho chinawapeza?

Aphunzitsi achinyamata inu, ndinu ana anga, ndiye sindikubisirani: zimenezi ndi nkhanza, ndipo ndi uchitsiru. Ukauza mwana wa zaka 12 kuti alembe za moyo wake, wamupempha kuti akulowetse kuchipinda kwa makolo ake. Iye sadziwa kuti china n'chobisa, china n'chonena. Wodziwa ndiwe. Mlendo wanji amene amaloledwa kuchipinda, n'kutuluka kukaitana anthu a pamsewu kuti adzaone mphasa yong'ambika?

Koma kusasamalako sikuyambira pa foni ayi. Kumayambira pa bolodi. Mphunzitsi walemba mutu, wauza ana kuti mawu akhale 150, watuluka kukacheza pansi pa mtengo. Taganizani mutu womwe uja mutaupereka kwa ana a ku Chilobwe, ku Manja kapena ku Chimwankhunda. Mu Malichi 2023, usiku wa namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba anthu ali m'tulo. Ana amene anali m'makalasi apansi nthawi imeneyo ndi amene akhala pa madesiki a Sitandade 7, 8 ndi Fomu 1 masiku ano. Ena anagona m'makalasi omwewo pamene sukulu zinasanduka misasa. Ena anakafunafuna abale awo ku chipatala cha Gulupu. Chaka chomwecho chinayamba ndi kolera, sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsekulidwa mu Januwale. Ndiye inu mukuti tsiku limene sadzaiwala, mukuyembekezera kuti alemba za ulendo wa ku Chichiri kukadya ayisikilimu? Wina alemba za mng'ono wake amene sanapezeke mpaka lero, inu n'kumuchongera kuti waiwala mpumiro.

Sindikuti ana asalembe zowawa. Alembe, kulemba kumapepuza mtima. Koma asankhe okha. Perekani mitu itatu kapena inayi, wina wopepuka: tsiku loyamba kukwera minibasi wekha kupita ku Limbe, tsiku limene unataya ndalama ya chigayo, chipsera chimene uli nacho pabondo. Ndipo musanayambe, auzeni amene adzawerenge. Ngati ndi inu nokha, zikhale choncho. Ngati mudzafuna kuwerenga pamaso pa kalasi, mwiniwake avomere kaye, akakana basi zathera pomwepo. Auzeninso kuti ndi ololedwa kusintha maina a anthu a m'nkhani yawo.

Tsono kaphunzitsidwe kake, popeza ambiri apa ndi pamene mumaphonya. Nkhani ya zokumbukira, imene pa Chingerezi amati memoir, si mbiri ya moyo wonse. Ana athu anazolowera kuyamba ndi "Dzina langa ndine wakuti, ndinabadwa chaka chakuti, m'banja mwathu tilimo asanu", ngati akudzaza fomu ya ku chipatala. Imeneyo si nkhani. Nkhani ndi kachidutswa kamodzi, mwina ola limodzi lokha, kamene kanasintha kanthu mwa iye. Ine ndinkayamba ndi pakamwa, ngati nthano ya pamoto. Ndinkawauza yanga kaye, ya tsiku limene ndinagwetsa ufa wa mayi anga mu mtsinje wa Nasolo ndikuoloka, ndi momwe ndinakhalira pa mwala mpaka mdima kuopa kubwerera kunyumba. Ana akaona kuti mphunzitsi nayenso anachitapo mantha, pakamwa pawo pamamasuka. Kenako awiriawiri amauzana zawo, womvera n'kumafunsa: unavala chiyani, kunkanunkha chiyani, anakuuza mawu oti chiyani kwenikweni? Mayankho a mafunso amenewo ndiwo nyama ya chimangirizo. Mwana akalemba kuti "ndinali ndi mantha kwambiri", mufunseni kuti manthawo anali pati. Adzakuuzani kuti miyendo inkanjenjemera, mate anauma, ndipo anabisala kuseri kwa thumba la makala. Alembe zimenezo. Pamapeto pake awonjezere ndime imodzi ya zimene akuziona lero, zimene sankaziona pa tsikulo.

Bolopeni yofiira ibwere pomaliza, pa kulemba kwachiwiri. Poyamba lembani mzere umodzi wosonyeza kuti mwamva zimene wanena. Ndikudziwa, m'kalasi muli ana oposa 100. Inenso ndinali m'kalasi mu 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana anasefukira mpaka pakhonde. Makope ndinkawanyamula m'jumbo kukachongera kunyumba ndi nyali ya koloboyi. Kutopa ndikukudziwa. Koma sindinaonepo kutopa kumene kumatulutsa foni m'thumba.

Ndipo mukapeza m'kope nkhani yonga ya mtsikana uja, kapena yoposa pamenepo, ya amalume olowa kuchipinda usiku, dziwani kuti mwana wakuitanani. Muitanireni pambali. Uzani ahedi. Pa sukulu pali amayi a mother group, ku polisi kuli ofesi ya Victim Support, kuli a zachisamaliro cha anthu, ilipo nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana lakhalapo kuyambira 2010. Njira zonsezi zinali zotseguka, mphunzitsi uja anasankha gulu la WhatsApp.

Makolo, nanunso musaseke. Ena mwa inu mumang'amba tsamba la mwana chifukwa watchula kuti munagona ndi njala, n'kumuuza alembe kuti munadya mpunga wa nkhuku. Achimwene ake ena amangofunsa ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti ija imene imakulembera zimene waipempha, mwana wa ku Ndirande n'kubwera ndi nkhani ya chipale chofewa chimene sanachionepo. Mukumuphunzitsa kuti moyo wake ndi wochititsa manyazi, wa eni ndiye woyenera kulembedwa.

Amene muli ndi chithunzi chija m'foni, fufutani lero, ndipo amene anakutumizirani mumuuze kuti walakwa. Mdzukulu wanga akuti sabata yathayi anapatsidwanso chimangirizo cha za moyo wawo. Mnzake uja analemba mizere isanu: dzina lake, zaka zake, kumene amakhala, kuti amakonda nsima ya nyemba, ndi kuti akadzakula adzakhala namwino. Munalibe cholakwika ngakhale chimodzi. Anapeza 15 pa 20.