Tikwere ku Blantyre kapena titsike ku Beira?

Mphwanga wa ku Bangula wangokwatira kumene. Iye ndi mlamu wanga sanapondepo mumzinda waukulu, ndiye atagulitsa thonje anandiimbira foni: "Achimwene, tili ndi masiku atatu okha. Tikwere ku Blantyre kapena titsike ku Beira?" Funsoli silachilendo kwa ife a m'chigwa cha Shire, chifukwa Mozambique yatizinga mbali zitatu ndipo ambiri tili ndi abale kutsidya.

Blantyre ndi pafupi. Minibasi ikadutsa minda ya nzimbe pa Nchalo, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kuyamba kukwera pa Thabwa, mlamu akhale cha kuzenera azicheuka. Chigwa chonse chimaoneka pansi ngati mphasa, mtsinje ukukhotakhota pakati. Juzi asaiwale. Chiperoni cha mu June sichimvera chisoni munthu wozolowera dzuwa la ku Nsanje.

Zoona kumeneko zimatheka tsiku limodzi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott yemwe sanaphunzireko za zomangamanga, ndi njerwa zoumba ndi kuwotcha pomwepo. Kenako Mandala House ya 1882, ndipo masana nyumba yosungira zinthu zakale pa Chichiri, pomwe pabwalo pali mitu ya sitima zakale. Pamenepo ndiye pojambulitsa chithunzi chokaonetsa apongozi.

Vuto la Blantyre ndi kadyedwe. Anthu amadya ngati akuthamangitsidwa: tchipisi cha pachiwaya chodyera chiimire, kanyenya m'kapepala, basi ulendo. Dzuwa likangolowa mashopu atseka, aliyense akuthamangira minibasi ya ku Ndirande kapena Bangwe. Ndipo ukangoyankhula, wina akuti, "Ndinu Asena eti?"

Ku Beira mawu omwewo ndi chiphaso. Chisena chimamveka mumsika, m'basi, paliponse, moti mlamu wanga akhoza kunenerera mtengo wa nsomba osadziwa liwu limodzi la Chipwitikizi. Kutentha n'kwathu komwe. Ngakhale tsoka tinagawana: namondwe Idai amene anasasula mzindawu mu March 2019, mvula yake ndi yomwe inatimiza ife ku Nsanje ndi Chikwawa masiku angapo m'mbuyo mwake.

Koma chimene Amozambiki amatiposa ndi kukhala pansi pa chakudya. Ku Macuti, m'mbali mwa nyanja pafupi ndi nsanja yakale younikira zombo, banja limaitanitsa nkhuku yowotcha ya piripiri kapena camarão, tinkhanu tam'nyanja tija, n'kudikira ola lathunthu popanda wodandaula. Mwamuna ali ndi mowa wa Manica wozizira, mkazi akuseka, mafunde akuwomba. Nsima amaitcha xima, ndipo matapa ndi chigwada chathu chomwechi, kungoti kuwonjezera pa nsinjiro amathiramo mkaka wa kokonati. Nditalawa koyamba ndinaona ngati amayi akhala akundibisira chinachake zaka zonsezi. M'mawa buledi wawo wa pão ali wotentha, wolimba kunja, wofewa m'kati. Wathu wa m'pepala sangayerekeze. Chimphona cha Grande Hotel, chomwe chinatsekedwa mu 1963 ndipo lero mukukhala mabanja ochuluka, ingochionerani pamsewu. Ndi kwawo kwa anthu, si pojambula.

Nanga bwanji ndinamuuza kuti apite ku Blantyre? Njira. Kuchoka pa Marka kulowa Vila Nova da Fronteira, kukafika ku Mutarara, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana wotalika makilomita oposa 3, n'kupitirira mpaka kunyanja, tsiku latha. Kubwerera nalonso tsiku. Onjezani mapasipoti awiri ndi kusintha makwacha kukhala meticais, ndalama za thonje zathera m'njira, nyanja mwaiona maola ochepa.

Ndiye ndinati, "Mphwanga, kwerani phiri. Koma tsiku lachiwiri musadye chiimire. Pezani lesitilanti ya mipando, itanitsani chambo chathunthu aliyense chake, foni m'thumba, mukhale maola awiri ngati a ku Macuti." Mlamu anamva, n'kulanda foni: "Alamu, chambocho mutiwonjezera ndinu?" Ndatumiza kale.